Mbale Yodutsa Pansi pa Mpanda

Anzanga akamakumbutsana za chaka chomwe mvula inatithawa chimanga chili m'chiuno, amayambira pa mtengo wa chigoba cha chimanga. Ine ndimayambira pa mpanda wa kuseri kwa nyumba yanga, ndipo amene zimenezi zimutopetsa angathe kulekera pompano.

Ndine mkamwini. Kwathu ndi kuseri kwa Phiri la Dedza, koma ndinakwatira kuno kufupi ndi Bembeke ndipo imvi zandimerera pamudzi wa eni. Munda ndi wa akazi anga, dimba ndi la akazi anga, ngakhale dothi lomwe ndinaumbira njerwa za nyumba ndi lawo. Changa ndi njinga, makheni othiririra, ndi ukali womwe mudzi wonse umaudziwa. Nditamaliza Folomu 4 n'kusowa kolowera ndinagwirako ntchito ya m'maluwa ku mishoni, ndipo kumeneko ndinatengako zinthu ziwiri: kulima letesi, ndi nthambi za chitsamba china chomwe amabzala m'mbali mwa tinjira, cha masamba ang'onoang'ono olimba, chosayoyola dzinja ndi chilimwe chomwe. Dzina lake la m'buku ndinaliiwala. Pakhomo pano timangoti mpanda.

Ndinaubzala chifukwa cha apongozi anga, aNaphiri, omwe nyumba yawo ili kuseri kwa yathu. Masiku ano m'mabanja ambiri mkamwini ndi apongozi amapatsana moni wa pamanja, ena mpaka kukhala mpando umodzi m'minibasi. ANaphiri ayi. Iwo anagwiritsitsa za makolo: mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sawaona akudya, ndipo mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Zaka zoyamba ndinkangokhalira kulowa m'thengo ngati wakuba, thalauza lonse chisoso chokhachokha. Nditatopa nazo ndinazika nthambi zija pakati pa nyumba ziwirizi. Zitakula kupitirira mutu wanga tinapeza mtendere. Tinayamba kucheza tsiku ndi tsiku, iwo uko ine kuno, osaonana. Ndinkawadziwa ndi mawu, ndi chifuwa chawo cha m'mawa, ndi mapazi omwe ankaonekera pa mpata womwe nkhuku zinaboola pansi pa mpandawo.

Novembala

Tinalowa m'chaka chimenecho tikutsimphina kale. Chaka chapitacho tinakolola zochepa, moti pofika nthawi yobzala akazi anga, mayi a Sitela, ankachita kulowa m'nkhokwe thupi lonse kuti apeze chimanga cha pansi. Mvula yoyamba inabwera bwino, nthaka n'kununkhira, tonse n'kuthamangira kumunda. Feteleza anali wongolawa, wothira ndi chitsekerero cha botolo, phando ili landira, phando ilo pepa.

Sabata yomweyo kunabwera alamu anga aYohane, mlongo wawo wa mayi a Sitela. Iwonso ndi mkamwini kutsidya kwa mtsinje, koma akafika kuno amasanduka eni mbumba, amayenda manja ali kumbuyo. Anandipeza kudimba ndikuwokera letesi.

"Alamu, chaka chino si choweta mbira," anatero. "Zulani masambawa, dimba la amayi lilowe chimanga."

Ndinawayankha kuti letesi amakhwima miyezi iwiri isanakwane, ndipo ndimakhala nditagulira ufa chimanga chawocho chisanafike m'mawondo. Ndinawonjezanso kuti munthu wofuna kulamula m'dimba aziyamba wanyamula kheni. Tinakwera nazo mpaka kunyumba tikukalipirana, agalu ali pambuyo. Anatileretsa ndi aNaphiri, kuseri kwa mpanda, osakweza mawu n'komwe.

"Yohane, asiye eni letesi ndi ndiwo zawo zosaphika. Akafa ndi njala tidzawaika m'dengu lawo lomwelo, sitidzavutika ndi matabwa."

Nkhani inathera pomwepo, letesi anakhala.

Amene sanamulimepo sadziwa kuti letesi ndi mbewu yodandaula. Mizu yake siizama kuposa chala. Ukamumana madzi m'mawa, pofika masana wagwetsa makutu, aliyense wodutsa n'kuona kuti mwini dimbali ndi waulesi. Ukamupatsa ochuluka amawola patsinde. Dzuwa likakula amafuna udzu pamwamba, mvula ikakula amafuna ngalande, ndipo nkhono zikamupeza umangotola mafupa a masamba. Koma sabisa kanthu. Vuto lake amakuuza tsiku lomwelo, ndipo ukamuthirira madzulo, m'mawa wadzuka ngati sanadwalepo. Mpanda uja ndinauthirira chaka chake choyamba chokha. Kuchokera apo unkangolandira madzi otsukira mbale, ndi sizasi kawiri pachaka. Mbuzi siziudya, chiswe sichiufuna, chisanu cha mu Juni chomwe chimawaula nthochi chimangoudutsa. Ndinkaukonda chifukwa sunkandipempha kanthu.

Disembala

Chimanga chinamera bwino, tinapalira, tinabandira. Kumsika ndi komwe kunayamba misala. Ukafunsa mtengo wa chigoba m'mawa n'kupita kukasaka ndalama, pobwera masana unkapeza chakwera, wogulitsa ali yemweyo, chigoba chili chomwecho, mwinanso atachiphwanya pansi kuti chichepe. Kunamveka kuti ku msika wa pa Chimbiya chatsika. Anthu anapalasa njinga mtunda wonsewo n'kubwerako ndi matumba opinda.

Ine ndinkadula letesi mame asanaume, kumuyala m'dengu, kufunditsa chiguduli chonyowa, n'kutsikira pamphambano ya msewu waukulu. Anthu a m'mudzi letesi sagula, amati ndi kabichi wolephera. Ankagula ndi mayi wina wa ku Lilongwe, wa kagalimoto koyera, yemwe ankapikulira malo odyera a m'tauni. Ankatembenuza mutu uliwonse ngati akusankhira mwana wake mkazi, ndipo ulendo uliwonse tinkakangana, koma ankagula. Pobwerera m'dengu munkakhala mgaiwa. Nyumba ziwiri zinkadya masamba omwe ankasekedwa aja, ndipo sindinkachita manyazi kunena zimenezi mokweza, nditayang'ana kumpanda.

"Tamva, aMbewe," ankatero aNaphiri. "Nkhuku nazonso zamva."

Januwale

Kumayambiriro kwa mwezi foni inalira. Mwana wathu Sitela, yemwe anakwatiwa ku Lilongwe, anachira masiku asanakwane, ndipo anachita kumung'amba. Mayi ake anayenera kupita. Chovuta chinali chimodzi: aNaphiri maso anali atayamba kuchita khungu, nkhuni sankatola, ndipo owaphikira anali mayi a Sitela. Mng'ono wa akazi angawo anamwalira kalekale. Mayi a Sitela anapempha aNachisale, msuweni wawo wa nyumba yoyandikana nafe, kuti aziwazonda. Zophika ndinati ndiziphika ine.

Akazi anga anaseka mpaka kukhala pansi. Atatha kuseka anafunsa kuti nanga mbale izikafika bwanji, poti ine pakhomo pa amayi awo sindiponda.

Yankho linachokera kuseri kwa mpanda. "Khomo zinatiboolera kale nkhuku."

Ndi mmene tinayambira. Tinkadya kamodzi, masana. Ndinkagawa pakati ndendende, kuvindikira mbale yawo ndi inzake, kugwada, n'kuikankhira pa mpata uja. Dzanja linkatuluka n'kuikoka. Ine n'kunyamula makheni ulendo wa kudimba, kuti ndisawamve akudya. Madzulo ndinkaipeza pomwepo, yotsukidwa, yowala. Ndemanga zinkabwera m'mawa mwake: kuti nsima yanga ndi yolimba moti ingagwetse mbalame m'mtengo, kuti mchere ndimathira ngati ndikulanga munthu. Ndinkawabwezera kuti wosakhutira akadye ku hotela. Kunena zoona, masiku amenewo ndinkadzuka ndikudikira kuti lero anena chiyani.

Pakati pa mwezi mvula inadula. M'mawa nkhungu inkakuta phiri, anthu n'kumati lero ibwera. Pofika nthawi yomwe ana amaweruka kusukulu kumwamba kunkakhala mbee. Chimanga chinali chitangoyamba kumasula. Masamba ake anapindika ngati a anyezi, kenako anayamba kuyera kuchokera pansi. Ena anakapemphera kutchalitchi, ena anakathira nsembe kwa makolo, ambiri anapita konse kuwiri. Chitsime cha kudimba chinatsika mpaka ndinalumikiza chingwe ndi lamba wakale wa njinga. Madzi onse omwe ndinkatunga ankapita kwa letesi. Mpanda ngakhale otsukira mbale unasiya kulandira, poti mbale zake zinali ziwiri zokha. Unali wobiriwira ngati kale.

Febuluwale

Letesi sakonda kutentha. Kukatentha amaganiza kuti imfa yafika, ndiye amathamangira kubereka: pakati pamatuluka tsinde lalitali, masamba amalimba, mkaka wake umawawa. Bedi lonse linandichita zimenezo sabata imodzi. Ndinadula wooneka bwino n'kutsikira naye kumsewu. Mayi wa kagalimoto uja anabudula tsamba, kulawa, kulavula, n'kupukusa mutu. Zomwe ndinamuuza sindizilemba pano. Ndinabwerera ndi dengu lodzaza.

Tsiku limenelo ndinamuphika letesiyo. Dengu lathunthu linasungunuka n'kutsala kamulu kokwana m'manja, kobiriwira moderako, kowawa. Ndinakankhira mbale pa mpata. Dzanja linatuluka n'kuvundukula.

"Lero mwaziphika," anatero aNaphiri. "Ndiye kuti zinthu zavutadi."

Zinali zitavutadi. Anthu anagulitsa mbuzi pamtengo wa nkhuku. Wina anakhomola malata a khitchini yake. Gaga yemwe kale tinkapatsa nkhumba anayamba kugulitsidwa pa mbale, ndipo pachigayo amayi ankasesa pansi. Mphekesera zinali zambiri kuposa chakudya: ati chimanga chaulere chikubwera sabata yamawa, ati malole ake aoneka akudutsa osaima, ati amuna akadya chimangacho amazizira m'nyumba. ANachisale, omwe anapemphedwa kuzonda apongozi aja, anamanga kamtolo n'kupita ndi amayi anzawo kukagwira ganyu ku Mozambiki. Sindiwada. Ali ndi ana awo.

Ine ndinamanga kachisakasa ka udzu pamwamba pa nazale yatsopano, kuti letesi wina akulire pamthunzi, ndipo masiku ena ndinkapita kunkhalango ya paini kukasenza matabwa. Nsima inatha, tinalowa phala la mgaiwa wosakaniza ndi gaga. Mayi a Sitela akaimba foni ankati bala la Sitela silikupola, ayembekezebe, komanso kuti kusowa kwawo kukuchepetsa pakamwa pamodzi. Funso lawo linali limodzi nthawi zonse, ngati amayi akudya. Ndinkawauza zomwe ndinkaziona: mbale ikubwera yoyera.

Masiku omwewo aYohane anayamba kubwera kwa amayi awo masana aliwonse. Ndinkamva mawu awo chapansipansi ndikamanyamuka, ndipo kangapo ndinawaona atagwira jumbo lakuda. Mumtima ndinati, hoo, akumbukira kuti ali ndi mayi, akumawabweretsera kangachepe.

Tsiku lina matabwa anandithyola msana, moti nditagwada pa mpata uja ndinachedwa kudzuka. Ndi mmene ndinaonera mapazi. Anali otupa, owala ngati awapaka mafuta, zingwe za patapata zitamira m'mnofu. Dzanja lomwe linabwera kudzakoka mbale linali la munthu wina, fupa ndi khungu.

"Amayi, mapaziwo atani?"

"Masiku ano akamwini akumayang'ana mapazi a apongozi?"

"Atupa."

"Ndi ukalamba. Pitani kwa ana anu kudimba, akulira ludzu."

Kudimba sindinapite. Ndinagwedeza makheni kuti amve ngati ndanyamuka, n'kukhala kuseri kwa khitchini. Posakhalitsa aYohane anafika. Ndinamva sipuni ikukokota mbale, ndi jumbo likuchita phokoso lake lija. Sanali kubweretsa. Anali kutenga.

Ndinawadulira kutsogolo, pa njira yotsikira kumtsinje. Ndinalanda jumbolo, phala likadali lofunda, ndipo dzanja langa lamanja linali litakwera kale m'mwamba. Iwo sanathawe, sanatchinge n'komwe. Kolala ya shati inali ikulendewera pakhosi, ndipo lamba anali atamuboola mabowo atsopano ndi msomali.

"Ana anga adya dzana, alamu," anatero. "Amayi anati inu mumawapatsa kawiri, m'mawa ndi masana. Anati ya masanayi imangotsala."

Anatinamiza tonse awiri, gogo ameneyu. Ndinakalipabe, poti mawu anali atafika kale pakamwa, koma dzanja ndinatsitsa. Jumbo ndinawabwezera. Ndinawauza kuti kuyambira mawa akafuna kanthu azigogoda pachitseko changa ngati mwamuna, tizigawana ine ndi iwo, mbale ya amayi asadzaikhudzenso.

Ndinabwerera kunyumba, kukolezanso moto, kuphika ufa womwe ndinasungira mawa. Ndinakankhira mbale pa mpata n'kuitana. Zii. Ndinaitananso, mokweza. Nkhuku inabwera n'kuyamba kujompha chivindikiro.

Kuchokera pa mpata uja kuzungulira mpanda kukafika pakhomo pawo ndi pafupi, mwana wokwawa atha kufika. Ine chikwatirire ndinali ndisanayendepo. Ndinayenda tsiku limenelo. Ndinawapeza atakhala pansi mkati mwa khomo, atagwira mphuthu ya chitseko, akuyesa kudzuka koma miyendo ikukana. Ataona chithunzithunzi changa anakokera chitenje kumutu.

"Mwasokera. Tulukani."

"Sindinasokere. Tikupita kuchipatala."

"Kaitaneni amayi anzanga."

"Amayi anzanu ali ku Mozambiki. Pamudzi pano tatsala ine ndi nkhuku."

"Ndiye kaitaneni nkhukuzo."

Ndinawanyamula. Dengu la letesi wonyowa limalemera kuposa mmene ankalemerera iwo. Ndinayala chiguduli pa kaliyala ya njinga, kuwakhazika, n'kutenga chitenje cha akazi anga kumanga msana wawo ndi mimba yanga pamodzi, poti manja awo analibe mphamvu yogwira. Chawo chija sanachichotse kumutu.

Panjira amayi omwe tinakumana nawo ankatembenukira kumbali. Pa golosale mnyamata wina wamkulu ndithu, wandevu zake, anaseka n'kuloza. Ndinafinya mabuleki n'kumuuza kuti andidikire pomwepo, ndikubwera. Pamsana panga panatuluka mawu.

"Palasani. Ndewu mudzachita pobwerera."

Titagunda dzenje lachitatu anafunsa ngati letesi wanga ndimamuyendetsanso chonchi. Ndinati letesi salankhula. Anati n'chifukwa chake ndimamukonda.

Kuchipatala namwino anawagoneka, n'kudina chala paphazi. Chala chitachoka panatsala dzenje. Sanafunse zambiri, anali ataona mapazi otere ambiri mwezi umenewo. Anangofunsa kuti bambo amene wawabweretsayu ndi ndani wawo. Ndinatsegula pakamwa, koma pansi pa chitenje panayankha msanga.

"Ndi wa kabaza. Ndamupeza panjira."

Namwino anandiyang'ana, kuyang'ana chitenje chomwe chinali chikadali m'chiuno mwanga, n'kuyang'ananso gogoyo. Anali mwana wa konkuno, anamvetsa. Anati poti palibe wowadikirira wina, wa kabazayo ayambe wakhala. Anabweretsa phala la soya m'kapu. Manja a aNaphiri ankanjenjemera, phala linkatayikira pabulangete, ndiye namwino anandipatsa ine sipuni n'kupita kwa odwala ena.

ANaphiri anavundukula chitenje okha. Munthu yemwe ndinacheza naye zaka zonsezo ndinamuona nkhope tsiku limenelo: mphini ziwiri patsaya lililonse, mano apansi otha, ndi maso a Sitela wanga enieni. Anandiyang'ana osaphethira, mmene munthu amayang'anira mlendo.

"Iwe wa kabaza, uziyamba wauzira. Likutentha."

Ndinauzira. Anameza pang'onopang'ono, kupuma, kumezanso. Kapu itafika pakati ndinawafunsa, monga wa kabaza, kuti munthu wamkulu ngati iwo angadzimane bwanji chakudya mpaka kutupa, osauza a pakhomo.

"Sumudziwa mkamwini wanga," anatero. "Ali ndi mtima wapachala. Ndikanamuuza kuti adzukulu anga kutsidya akugona ndi njala, akanakalipa tsiku lathunthu, kenako n'kuwapatsa mbale yake. Ndiye akanagwa iye. Nanga masamba akewo akanathirira ndani? Timadya omwewo."

Ndinapitiriza kuuzira phala lomwe linali litazizira kale.

Malichi

Nditawaimbira foni, mayi a Sitela anafika mawa lake pa minibasi yoyamba, ndipo wa kabaza anasowa. Anatikalipira tonse, ine panja pa chipatala, amayi awo mkati, mlongo wawo pafoni. Aka kanali koyamba kuti ndikalipiridwe osabweza.

Mvula inabwerera mwezi umenewu, mochedwa, ngati munthu wofika pamaliro anthu akuchoka kumanda. Chimanga cha kumtunda chinali chitapita. Cha m'munsi, kufupi ndi dambo, chinatola moyo pang'ono. Letesi wa pansi pa chisakasa uja anakula wofewa, wotsekemera, ndipo mayi wa kagalimoto anamugula yense osatchula zomwe ndinamunena. AYohane anayamba kubwera m'mawa, kugogoda pachitseko changa, n'kunyamula kheni. Amathirira moipa, amakhuthula madzi pamutu pa mbewu m'malo mwa patsinde, koma ndinkadziletsa masiku ena. Mgaiwa tinkagawa patatu. Chimanga chaulere chija chinafikadi, maungu atayamba kale kupsa.

ANaphiri anatuluka m'chipatala mwezi uli pakati. Anabwera pangolo, atazunguliridwa ndi amayi, ine ndili kudimba dala. Madzulo ndinamva chifuwa chija kuseri kwa mpanda. Ndinafunsa kuti kwacha bwanji uko, ngakhale dzuwa linali likulowa. Anati kwacha.

Epulo

Tinakolola zosafika theka la nkhokwe. Mbatata ya kachewere ndiyo inatipulumutsa, ndi nyemba za m'dambo. Panali mabanja omwe sanakolole n'komwe, ndipo pamudzi woyandikana nafe anaika okalamba awiri omwe analibe wowayang'ana mapazi.

Ntchito ya kumunda itachepa ndinatenga sizasi kuti ndimete mpanda. Kunja unali wobiriwira, wonyezimira, ngati chaka chinali chabwino. Nditapatula masamba ndi manja n'kusuzumira mkati, ndinapeza nkhuni zokhazokha. Nthambi zinkathyoka ndikangozikhudza. Tsinde limodzi la pakati linali litauma lonse, likungoimirira chifukwa chogwiriziridwa ndi anzake. Ng'amba inaupweteka mwezi womwewo inapweteka letesi, koma letesi anakuwa, uwu unangokhala duu. Ndinadula zouma zonse, kukumba m'mbali, kuthira manyowa a mbuzi, n'kumauthirira ndi kheni m'mawa uliwonse ngati mbewu ya pa nazale. Pomwe ndinachotsa tsinde louma panatseguka chibowo chachikulu, ndipo dandaulo la aNaphiri silinachedwe. Ndinatsekapo ndi mphasa yakale mpaka mphukira zitakula.

Ndikumangirira mphasayo, anandiitana.

"AMbewe."

"Wawa."

"Wa kabaza uja anandinyamula, mumakumana naye kumsewu?"

"Nthawi zina."

"Sindinamuthokoze. Mukamuuze abwere Lamulungu tikaweruka ku Misa."

Lamulungu ndinapukuta njinga, kuvala chipewa, kutulukira njira ya kutsogolo. Ndinazungulira mudzi wonse, kudutsa pa mjigo ndi pabwalo la mpira, n'kutulukira mbali ina, ndikuliza belu. ANaphiri anali atayala mphasa pakhonde pawo, pakati pali mbale imodzi ya maungu ndi mtedza watsopano wophika. Mayi a Sitela anali chapatali pa mtondo, ataluma nsonga ya chitenje kuti kuseka kusamveke.

Tinasamba m'manja m'beseni limodzi, tinadya mbale imodzi. Mapazi awo anali ataphwa, khungu likusupuka. Anandifunsa za msewu, ngati makasitomala akupezeka. Kenako anayamba kundisimbira za mkamwini wawo: kuti anafika pamudzi pano ndi kachikwama kamodzi ndi mawu ambiri, kuti amakangana ndi aliyense mpaka mbuzi, kuti anaphunzira sukulu yonse ija n'kumalima masamba odya osaphika, kuti nsima yake ndi chilango. Ndinavomereza zonse. Ndinati ndikumudziwa bambo ameneyo, ndi munthu wovuta kwambiri, sindidziwa kuti amakhala naye bwanji.

Anasiya kutafuna n'kundiyang'ana.

"Iwe usamunyoze," anatero. "Womunyoza ndine ndekha."

Anasankha chidutswa chachikulu cha dzungu n'kuchikankhira mbali yanga.